Tsiku Limene Tinaimitsa Mashini ku Makata

Chaka chimene atsikana a ku Zambia anapita kukasewera mpira wamiyendo pampikisano wa dziko lonse, ine ndinkagwira ntchito pafakitale ina yaing'ono ku Makata. Tinkasoka maovololo ndi mayunifolomu a alonda. Pamzere wa mashini tinalipo amayi okhaokha. Amuna anali awiri basi: bambo wodula nsalu ndi mlonda wa pageti.

Mashini oyandikana ndi anga ankakhalapo mayi wina wochokera ku Chipata, amene anakwatiwa ku Bangwe. Tonse tinkangowatchula kuti a ku Chipata. Anali atakhala mu Blantyre zaka zambiri, koma Chinyanja chakwawo sichinawachoke pakamwa, makamaka akasangalala. Mwezi wonse wa Julaye umenewo sanatipatse mpata wopuma.

"Imwe, ana athu akwera ndeke! Manje muzaona!"

"Ana anu, osati athu," wina ankawayankha.

"Malire aja a ku Mchinji ni msewu chabe. Ni ana anu naimwe."

Ine ndinkaseka nawo, koma panali chinthu chimene sindinauzepo aliyense pantchitopo. Ndili mwana ku Chinyonga ndinali goloboyi. Anyamata a mumzere wa nyumba zathu anandiika pagolo chifukwa panalibe wofuna kuimapo, kenaka anakanika kundichotsa chifukwa ndinkagwira. Ndinkadziponya pafumbi osaganiza kawiri. Ndinasiya tsiku limene mayi anga anayang'ana mawondo anga tikupita kutchalitchi, n'kunena kuti mwana wamkazi wa mawondo oterowo sayenda nawo limodzi. Kuyambira pamenepo mpira ndinkangouonera m'mbali mwa diso, amuna anga akamaonera wawo.

Kumene ankasewerako kunali kutali kwambiri, moti kwawoko kukamada kuno kunali kukucha. Masewero onse ankafika m'mawa, nthawi ya tiyi. Oyamba anagwa Loweruka. A ku Chipata anandikoka kupita nawo ku Limbe, kushopu ya mlamu wawo wokonza ma TV, kufupi ndi msika. Kunali chiperoni, mphepo yolowa m'mafupa. Iwo anavala chitenje chobiriwira ndi mpango wamtundu wa lalanje, ngati akupita kuukwati. M'shopumo munali kale azibambo angapo othawa kuzizira, ndipo atamva kuti tikuonera mpira wa akazi anakhala pansi kuti aseke.

Anasekadi. Atsikana aja anamwetsedwa zigoli zisanu kwa duu, ndipo kumapeto goloboyi wawo anapatsidwa khadi yofiira. Bambo wina wa jekete lachikopa anati, "Akadangokhala kunyumba awa, ndege yawonongeka." Ine ndinkayembekeza kuti a ku Chipata alira kapena atukwana. Koma titatuluka panja anandigwira mkono, nkhope ikuwala.

"Mwaona? Mwaona kaputeni mwamene athamangira? Dziko lonse latiwona!"

"Koma zisanu, anzanga."

"Zisanu ni zingati? Ndife oyamba kufika kuja!"

Tinagula mbatata yootcha pafupi ndi depoti ya minibasi, tikuitembenuza m'manja kuti tifunde. Pamenepo m'pamene ndinadziulula osadziwa. Ndinayamba kufotokoza kuti pachigoli chachiwiri goloboyi anachedwa kutuluka, kuti akanayenera kutseka mbali iyi, ndipo ndinapezeka nditatambasula miyendo ndi manja pakati pa anthu, mbatata ili m'dzanja. Kondakitala wina anaima kuitanira n'kumandiyang'ana.

A ku Chipata anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Imwe amai, ivi mwavidziwira kuti?"

Ndinawauza zonse. Pofika Lolemba fakitale yonse inali ikunditchula kuti a Goloboyi.

Masewero achiwiri anagwa Lachitatu, mkatikati mwa ntchito. Apa ndiyenera kunena za a Madamu, amene ankayang'anira ntchito yonse. Anali mayi wamkulu, mkulu wa mpingo kwawo ku Michiru, wovala magalasi a chingwe ndi nsapato zogogoda. Sanali wankhanza, koma sindinawaonepo akuseka mpaka mano a m'kati kuoneka. Ofesi yawo inali ndi zenera loyang'ana kumzere wathu, koma sankafunika kusuzumira. Ankadziwa mmene ntchito ikuyendera pongomva phokoso la mashini.

A ku Chipata anaika foni yawo m'dilowa, pakati pa ulusi ndi mabatani, n'kuitsegula pang'ono. Chingwe cha m'makutu tinagawana, iwo khutu limodzi, ine lina. Nkhani inkayenda m'mzere monong'ona: "Amwetsedwa." "Amwetsedwanso." Pagolo panali kamtsikana katsopano m'malo mwa wopatsidwa khadi yofiira uja, ndipo ine mtima wanga wonse unali pa iko. Kakadumpha, phazi langa linkachoka pa mashini. Sindinazindikire kuti anzanga onse nawonso asiya kuponda, makosi atasololoka kuyang'ana kwathu. M'fakitale munangoti zii.

Tinamva go, go, go.

A Madamu anatambasula dzanja. A ku Chipata anatulutsa foni, chingwe chikulendewera, n'kuwapatsa. Anabwerera muofesi, n'kutseka chitseko ndi katani yomwe. Ife tinagwira mashini ngati anthu othamangitsidwa, aliyense mutu pansi. Ndinkangoganiza zoti kunyumba ndikanena chiyani ndikapatsidwa kalata yondichotsa ntchito.

Patapita mphindi mwina khumi, tinamva mawu kuchokera muofesi.

"Ayi! Ayi, ayi, ayi! Mwana wa eni ake!"

Tinayang'anana. Bambo wodula nsalu anaima, sizasi ili m'mwamba.

"Muthandizeni mnzanuyo! Mukungomuyang'ana bwanji?"

Wina kumapeto kwa mzere anayamba kuseka, n'kuluma nsalu ya ovololo kuti asamveke. Kuseka kuja kunatigwira tonse. Tinkasoka mapewa akugwedezeka, misozi ikugwera pansalu, osatulutsa mawu. Tsiku limenelo ndinasokerera thumba mozondoka.

Masewero atatha, zigoli zisanunso kwa duu, a Madamu anatuluka. Anaika foni patebulo la a ku Chipata, n'kukonza magalasi awo.

"Foni pantchito n'zoletsedwa. Mukudziwa."

"Pepani, Madamu."

Anaima kaye. "Kamtsikana kovala zosiyana ndi anzake kaja, n'chifukwa chiyani akukasiya kokha kumbuyo?"

A ku Chipata anandiloza. "Funsani awa, Madamu. Ni a Goloboyi."

Ndinafotokoza kuti imeneyo ndiye ntchito yake, kuima yekha. A Madamu anapukusa mutu ngati amva za mwana wozunzidwa.

"Akuseweranso liti?"

"Lolemba, Madamu. Naini koloko."

"Lolemba aliyense afike sikisi. Maovololo a oda ija athe naini isanakwane. Amene achedwe asadandaule." Anatembenuka, go, go, go.

Palibe anachedwa. Ine ndinakwera minibasi yoyamba ku Chinyonga, ndipo nditatsika ndinapeza anzanga atatu akuthamanga kale m'msewu wa ku Makata, zitenje atazikwinyira m'mwamba, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Sitinagwirepo ntchito mofulumira chonchija. A Madamu anafika ndi TV ya kunyumba kwawo itakulungidwa m'bulangete pampando wakumbuyo wa galimoto. Bambo wodula nsalu anaikhazika pathebulo lake lalitali, n'kuilumikiza ku kompyuta ya muofesi. Tinazimitsa mashini, tinakoka mipando, wina anagawa tiyi ndi zigumu.

"Ndiye athu ndi ati?" a Madamu anafunsa, akupukuta magalasi.

Ndisanayankhe, mpira wa pakona unagwera pakati pa anthu, mwendo wina unatambasuka, ukonde unagwedezeka. Sitinali titakhazikika n'komwe.

Sindikudziwa amene anayamba kukuwa. Ndikukumbuka kapu yanga ili m'mwamba, tiyi akugwera pamutu pa mnzanga, iye osamva n'kutentha komwe. A ku Chipata anagwa pansi chagada, miyendo ikupalasa m'mwamba. Nthungululu zinadzaza denga la malata. Mlonda analowa akuthamanga ndi ndodo yake, akufunsa kuti wabayidwa ndi singano ndani. Titamuuza, anaika ndodo pansi, n'kukhala pa belo la nsalu. Kugeti sanabwererenso.

"Ndi athu?" a Madamu ankafunsabe, atandigwira phewa. "Ndi athu amenewa?"

"Ndi athu, Madamu!"

"Aleluya!"

Kenaka athu anapatsidwa penate. Ndinawafotokozera kuti munthu mmodzi amenya, wina mmodzi atchinga, ena onse aima pambali. Kaputeni ataika mpira pansi, a Madamu anatola ovololo pamulu n'kudziphimba nayo kumaso. Tinkamva akupemphera m'kati mwa nsalu. Mpira utalowa tinawavula ovololoyo ndi kuwauza, ndipo anadumpha ndi nsapato zawo zija, kawiri konse. Ndinaona mano awo onse, mpaka dzino lagolide la kumbuyo limene palibe ankadziwa kuti lilipo.

Atabwerako kopuma, adani athu anabweza chimodzi mwamsanga. Tonse tinagwira kumutu. Koma pakati pa bata limenelo panamveka nthungululu imodzi, yaitali, yokoma, ya munthu wozolowera maukwati. Anali a Madamu, manja ali m'mwamba.

"Madamu, chimenecho n'cha enawo."

"Enawo bwanji? Si golo lomwe lija tagoletsa kawiri?"

"Asinthana mbali, Madamu."

"Asinthana liti? Anawauza ndani?" Anakhala pansi atakwiya. "Chinyengo chimenecho."

Zotsalazo zinali zowawa. Adani ankabwera ngati njuchi. Ine sindinathe kukhala. Ndinaima kumbuyo kwa anzanga, mawondo atapindika, manja ali okonzeka, ndipo mpira ukapita kugolo lathu ndinkadziponyera mbali imeneyo. Kamodzi ndinagwetsa bokosi la mabatani, ndipo palibe anatembenuka. A ku Chipata anali atasiya kuyang'ana, akungoyenda kuchoka kukhoma kupita kukhoma, akulankhula okha. Nthawi itangotsala pang'ono kutha, kaputeni anakankhira mpira kutsogolo, mnzake wina anauthamangira yekha, n'kuuponya m'kati.

Apo ndiye tinapenga. A ku Chipata anakwera pathebulo lodulira nsalu n'kuyamba kuvina pafupi ndi TV, bambo wodula nsalu ataikumbatira kuti isagwe. Ena anatenga zivindikiro za mabini n'kumaziomba. Tinazungulira mashini onse pamzere, wina atagwira m'chiuno mwa mnzake, a Madamu ali pakati, magalasi akulendewera pachingwe. Mzere uja unatuluka pakhomo n'kukafika pabwalo pamene amapakirira katundu. Anthu a kunyumba yosungira katundu yoyandikana nafe anakwera pamapaleti, matabwa osanjikapo katundu, kusuzumira pampanda.

Pabwalopo wina anatola zidutswa za nsalu, n'kuzikulunga m'jumbo, n'kumanga ndi chingwe. Chikulunga chinatuluka cholimba bwino, chifukwa kumanga ndiye ntchito yathu. Anaimika migolo iwiri yopanda kanthu, ndipo onse anayamba kuomba m'manja: "A Goloboyi! A Goloboyi!"

Ndinali mayi wa ana atatu, wa chiuno chodandaula nyengo yozizira. Ndinavula nsapato, n'kumanga chitenje ngati kabudula, n'kuima pakati pa migolo. Anzanga anamenya mmodzimmodzi. Ena ankaphonya chikulungacho n'kugwa okha. Cha a ku Chipata ndinachigwira ndi dzanja limodzi. Kenaka anthu anapatuka, a Madamu akubwera.

"Inenso ndimenya penate."

Anavula nsapato imodzi yokha, ya kumanja. Ndili pagolopo ndinaganiza mofulumira: awa ndi abwana, ndingowasiyira chilowe. Ndinatsimikiza mtima kuti nditero. Koma atangomenya, thupi langa silinandifunse. Ndinapezeka ndili m'mwamba, kenaka pansi pafumbi, chikulunga chili pachifuwa.

A Madamu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bwerezani. Sindinakonzeke."

Ulendo wachiwiri anabwerera m'mbuyo kutali, n'kuthamanga motsimphina, phazi limodzi lalitali lina lalifupi. Chala chawo chinayamba chakumba pansi, koma chikulunga chinanyamukabe, kudutsa pamwamba pa mutu wanga, pamwamba pa mpanda, mpaka kukagwera pakati pa anthu a mapaleti aja. Iwo anakuwa kuti, "Chigoli!" A Madamu anavomereza, nakweza manja, ndipo ife tinawanyamula.

M'mawa mwake ndinalephera kuponda mashini ndi mwendo wa kumanja, moti ndinasoka ndi wa kumanzere tsiku lonse. A Madamu anafika atavala patapata, chala chachikulu chitakulungidwa bandeji. Anayenda mumzere mwakachetechete, akuyang'ana misoko, nkhope yawo ya masiku onse itabwerera. Atafika pa ife awiri anaima, n'kutsitsa mawu.

"Ndiye tikuseweranso liti? TV ndaisiya muofesi."

Ndinayang'ana a ku Chipata. Iwo anayang'ana ulusi.

"Atuluka, Madamu," ndinatero. "Akubwerera kwawo."

"Atuluka bwanji, poti awina?"

Tinawafotokozera nthawi yonse ya tiyi. Tinandandalika mabatani anayi pathebulo kuimira matimu anayi, n'kuwaonetsa kuti awiri okha ndiwo amapitirira, ndipo kuluza kawiri kuja n'kumene kunawapweteka. Bambo wodula nsalu anathandizira ndi choko. A Madamu anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno.

"Sindikugwirizana nazo," anatero. "Munthu wangophunzira kumene kuwina, mukumubweza?" Anatola mabatani aja, n'kuwabwezera m'bokosi. "Tiyeni pantchito. Inu a Goloboyi, thumba lija munasoka mozondoka Lachitatu likukudikirani."