Dolika ndi Foni Yosadziwa Moni

Inu a mu Chipata muno manyazi mulibe. Osewera mpira akunja mumawadziwa mayina mpaka akazi awo, koma ndikati Dolika Sakala mukungoyang'anana ngati mbuzi zamva bingu. Chonsecho kafoni kamene mumakafunsa za mbewu n'kukuyankhani m'Chinyanja, anakaphunzitsa kumva ndi iyeyo.

Dolika ndi mwana wa mlongo wanga Alfonsi, wa ku Chipangali. Ine ndine azakhali ake, ndinamusambitsa ali khanda, ndiye musanditsutse. Kusukulu sindinapondeko, izi ndikungonena, wina akulemba.

Alfonsi maso anachita mtambo zaka zisanu zapitazo. Munthu amene nsawa zake anthu ankaima panjira kuziyang'ana, anayamba kupapasa masamba ndi zala. Uthenga wa alangizi umabwera wolembedwa pa foni, iye osaona kanthu. Pamenepo mwana wanga Matiyasi, wa m'mimba mwanga ndithu koma dyera ngati fisi, anayamba kuzungulira abale kuti amalume akalamba, munda ukungowonongeka. Banja linagamula kuti Alfonsi akalepheranso chaka chimodzi, munda upite kwa Matiyasi.

Nthawi imeneyo Dolika ankakhala ku tawuni, ku komboni ya Nabvutika, sukulu atamaliza, ntchito palibe. Anamva kuti kampani ina ya ku Lusaka ikupanga chinthu cha m'foni choti mlimi azingolankhula, icho n'kumayankha. Anathamangira, osati chifukwa cha malipiro, anali ochepa ngati chakudya cha nkhuku, koma ankafuna atate ake azifunsa okha osapempha maso a munthu.

Ntchito yake anandifotokozera kangapo ndisanamve. Foni siimva yokha ayi. Umayamba waiuza njira zonse zimene anthu amafunsira chinthu chimodzi. Wina amati nsawa zanga zafota. Wina amati masamba achita chikasu. Wina amangoti m'munda mwalowa chinthu. Zonsezo Dolika ankaziika pamutu umodzi wa matenda a mbewu, n'kusiya mpata poti palowe dzina, kaya chimanga, kaya thonje. Anayenda mwana uja, m'misika, m'maminibasi, panja pa tchalitchi Misa ikatha, kope m'manja, kumvetsera mmene tilankhulira. Nsapato ziwiri zinatha.

M'kuyendamo anaona chimene aliyense woleredwa amadziwa. Munthu wamkulu sayamba ndi funso. Amati odi, afunse mmene mwadzukira, anene za mvula, za mwendo wa mayi kunyumba, kenako ndiye kuti tabwera ndi kankhani. Dolika analemba malonje onsewo, masamba ndi masamba, n'kutumiza ku Lusaka.

Mabwana anabweza. Akuti mndandanda wa mawu uyenera kukhala umodzi, wokwana m'mafoni aakulu otsetsereka aja ndi m'timafoni ta mabatani tomwe, ndipo tating'onoto sitidikira nkhani yaitali. Achotse moni yense. Ndinamumva ndekha akuwadandaulira, ataima pa chulu pofuna netiweki, kuti asiyeko ngakhale mizere iwiri. Anamuuza kuti alimi adzazolowera. Amene ananena zimenezoyo, sindidziwa anamulera ndani.

Mu Januwale nsawa za Alfonsi zinayamba kupinimbira. Dolika anabwera kumudzi ndi foni, chinthu chija chitatheka. Anawagwadira atate ake.

"Atate, moni musapereke. Ingonenani vuto basi."

Alfonsi anavomera. Analowa m'nyumba, kuvala jekete ya ku tchalitchi, kukhala pampando, kuvula chipewa, foni n'kuilandira ndi manja awiri.

"Odi kumeneko. Mwaswera bwanji?"

Foni inati sinamve, anenenso. Iye anakweza mawu, n'kuwonjezera kuti kuno tili bwino, maso okhawa. Foni inati sinamve. Kachitatu inangodula.

Matiyasi anali atatsamira nkhokwe, akuseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinamugenda ndi chitsononkho, chinaphonya.

Alfonsi anabweza foni pang'onopang'ono. "Mwanawe, munda wanga sindingaudandaule kwa munthu amene sindikudziwa ngati wadzuka."

Dolika anafunsa yekha, mwachidule monga amafunira. Foni inayankha bwinobwino kuti ndi matenda a kadukutu, azule zodwalazo msanga, ayang'anenso nsabwe pa masamba, pakatha masiku afunsenso. Ndiye musati chinthucho ndi chabodza, chimadziwa. Anazula tsiku lomwelo, Dolika kubwerera ku tawuni kuntchito, foni kuisiya. Atate ake sanaikhudzenso. Inakhala pawindo mpaka batire kutha.

Ndinamukalipira mlongo wanga kuti ndiwe nkhutukumve, ulemu wako udzadya? Anangondifunsa ngati ine ndingalowe pakhomo pa munthu n'kuyamba ndi kupempha mchere.

Matenda anayenda mzere ndi mzere. Pokolola, munda umene unkadzaza ngolo zinayi unatulutsa zosakwana imodzi. Abale anakumana pansi pa mango, nkhani sinatenge nthawi. Dolika analankhula mpaka mawu kusasa kuti cholakwa si cha atate ake, koma mwana wamkazi wa ku tawuni pa nkhani ya munda wa makolo, anamumvera ndani?

Lero zili chonchi. Kampani ntchito inatha, Dolika anamuthokoza pa foni n'kumusiya. Akugulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Kapata. Chinthu chija chikugwira ntchito, achinyamata amachilamula ngati galu ndipo chimawayankha. Kope la malonje lili m'sutikesi pansi pa bedi. Munda uli ndi Matiyasi, anabzalamo soya. Alfonsi anasamukira ku Nabvutika kwa mwana wake, amakhala pakhonde kuyambira m'mawa, kupereka moni kwa aliyense amene wamva mapazi ake.