Chipinda chimene sitinasese

Uthenga unandipeza m'munda wa khofi, dengu lili m'manja, nkhungu isanachoke pamapiri a Misuku. Wanjinga yamoto anaima kumsewu, injini osazimitsa, n'kunena kuti mwana wanga wamwamuna akundifuna ku Boma. Ndinafunsa kuti wamwalira ndani. Iye anati palibe, koma mawu a malemu apezeka.

Ndinaika dengu pansi. Miyendo inafuna kuvina.

Malemuwo ndi mwana wanga wamkazi, wachisamba wanga, mphunzitsi, woyambitsa nyimbo m'kwaya. Anatisiya khanda lake lisanayambe kukwawa. Anali ndi kompyuta ya patebulo m'nyumba ya aphunzitsi ku Boma, ndipo ankaimbiramo nyimbo zatsopano kuti asaziiwale. Titamuika tinachita monga timachitira: zovala tinachapa, nyumba tinasesa, katundu tinagawa. Kompyuta inapita kwa mlongo wake, yemweyu wondiitanayu. Iye anachotsamo pulogalamu yojambulira mawu ija, chifukwa akangoiona mtima unkamupweteka. Anandiuza kuti, "Amayi, m'menemonso ndasesa." Ine ndinavomera.

Khanda lija linakulira m'manja mwanga, lero ndi mtsikana. Tsiku lina tikusenda nyemba anandifunsa, "Agogo, amayi ankaimba mawu okwera kapena otsika?" Nkhope ya malemu ndinali nayo, kayendedwe ndinali nako, koma mawu anali atandithawa. Ndinawafuna m'tchalitchi, ndinawafuna kumtsinje, ndinawafuna m'tulo. Sanabwere.

Tinakwera njinga yamoto ija tonse awiri, ine ndi mdzukulu wangayo, mpaka ku Boma, kwa fundi wa makompyuta kuseri kwa msika. Fundiyo ndi mzimayi wa kummwera, anatilonjera m'Chitumbuka chotsimphina, ife tinayankha m'Chichewa chotsimphina, tinaseka. Mwana wanga wamwamuna uja anali ataima pakhomo. Ndi iye amene anabweretsa kompyutayo kuti aifufute yonse, mtsikanayu apite nayo kusekondale ili yoyera.

"Agogo, ndinatsala pang'ono kufufuta," anatero fundi. "Koma ine ndimayamba ndasuzumira. Muno m'kompyuta muli chipinda cha dzina la munthu wina, ndipo m'kati mwake muli kachipinda kena kobisika."

"Koma ine ndinachotsa zonse," anatero mwana wanga.

"Munachotsa pulogalamu, achimwene. Imeneyi sisunga zinthu za munthu pamene imakhala iyoyo. Imakaziika kuchipinda cha mwiniwake. Pulogalamu zina zimaunjika zonse pamodzi, ukazichotsa zimapita ndi katundu yemwe. Mukanakhala ndi yotero, bwenzi lero kulibe kanthu."

Ndinamuyang'ana mwana wanga. "Iwe, kuyambira uli mwana umasesa pakati pokha, m'makona ayi."

"Lero mukundiyamikira nazo, amayi," anayankha, koma sanandiyang'ane.

Fundi anabwezeretsa pulogalamu ija. Itatseguka, zilembo zinatuluka zikuluzikulu, zoti ngakhale ine wa sukulu yochepa ndinaziona ndili chapatali. Malemu ankazikulitsa chonchi chifukwa maso ankamuvuta. Mtundu unabwera wobiriwira, umene ankaukonda. Nyimbo inali itaima pakati, pomwe anaisiyira, ikudikira. Palibe anaiuza kanthu.

"Ikudziwa bwanji?" ndinafunsa chonong'ona.

"Inasunga zimene mwiniwake ankakonda, komweko kuchipinda chake. Ikuyesa kuti ndi iye wabwera."

M'kanyumbamo munazizira, ngakhale kunja dzuwa linali kuswa mtengo. Mdzukulu wanga anandigwira chitenje. Fundi anadina batani.

Choyamba kumveka anali tambala. Ndinamudziwa, tambala wofiira wa mawu osasa, yemwe tinamupha pamaliro a malemu omwewo, tinamudya, lero akulira pamaso pathu. Kenaka mpando unakwekwereka. Kenaka iye.

Otsika. Mawu otsika, odekha, oyenda pansipansi ngati madzi a m'ngalande ya khofi. Mwana wanga, mwana wanga, unali kuno nthawi yonseyi, m'kachipinda kopanda zenera, ife tikukusaka kumtsinje.

Anaimba ndime imodzi, n'kutsokomola. Kachifuwa kakang'ono, kouma. Masiku amenewo ndinali m'nyumba momwemo ndikulera khanda, ndipo tonse tinkati ndi fumbi la choko. Ife omvetsera tinadziwa kumene kachifuwako kankapita. Iye sankadziwa. Anaseka, n'kuyambiranso.

Ndiye khanda linalira chapatali. Nyimbo inaduka. Tinamva mapazi akupita, mapazi akubwera, ndi mawu aja pafupi kwambiri, ngati pakhutu: "Tonthola, mama, tonthola, ndatsala pang'ono kumaliza."

"Ndi ndani akulirayo?" anafunsa mdzukulu wanga.

"Ndiwe."

Sanalire. Anapempha kuti aibwereze, ndipo ulendo wachiwiri anaimba nawo. Mawu awiri anagona pamodzi osasiyana, moti fundi anayang'ana kukhomo ngati mwalowa munthu.

Ine ndinafunsa chimodzi: ngati opanga pulogalamuyi anachita bwino kusunga padera, anabisiranji? Fundi anati amaopa kuti munthu angafufute mosadziwa. Ndinati chabwino, koma wanga mumutulutse. Anakopera nyimbozo poonekera, zina pakafulashi, zina m'foni ya mwana wanga. Chipinda chijanso sanachikhudze. Sitidzachisesa.

Loweruka tinaziimbitsa pakhomo panga ku Misuku, masana, zitseko zili pululu. Ndinavina mpaka chitenje kumasuka, yewo Chiuta, yewo. Anabwera mlongo wake wa malemu ndi mkazi wake. Anabwera mkamwini wanga, bambo wa mtsikanayu, anakhala kumbuyo chipewa chili pamaondo. Anabwera mng'ono wanga wa ku Chisenga, ndi azakhali a ana, ndi amayi a kwaya amene atsala, ndi aphunzitsi anzake awiri, ndi mzamba amene analandira malemu pobadwa, ndi wanjinga yamoto uja, ndi fundi, ndi mdzukulu wanga wa mawu otsika.