Aneba Athu ndi Ma Ayoni Oonerera

Aneba athu anapuma pa ntchito yophunzitsa kemisitiri, koma choko sichichoka m'thumba la malaya awo. Ukawapatsa moni, amayankha uku akupukuta timabotolo tawo pakhonde. Kwa iwo, kusakaniza mankhwala awiri ndi ukwati: pali okwatirana, palinso ongodzaonerera.

Ine ndikubwereza mayeso ndili ndi ana awiri, kuti ndikaphunzire unamwino. Sabata yatha pondithandiza, aneba anathira siliva naitireti m'madzi amchere, zoyera ngati mkaka wosasa n'kudikha pansi.

"Lemba ikwezhoni, mwana wanga, mbali ziwiri zilingane. Kenako ufufute ma ayoni oonerera, aja akupezeka uku ndi uku osasintha."

Polemba, ndinaphwanya mankhwala onse kukhala tizigawo tawo, ma ayoni aja, ndi zodikha pansi zomwe. Ndinafufuta, kufufuta, mpaka pepala linatsala mbee.

Anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Wathamangitsa alendo, wathamangitsanso akwati. Zodikha pansi sitiphwanya. Siliva ndi kolorayidi wa mumchere agwirana basi." Analemba pakhoma: Ag⁺ + Cl⁻ → AgCl.

Akazi awo anasuzumira pazenera.

"Akunena zoona, mwana wanga. Ife zaka makumi anayi moyo ukutivundula, koma sitinasungunuke."