Ndalama za malata zinapita ku masheya

Mwana wamkazi wa mng'ono wanga, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anandifunsa tsiku lina kuti, "Amayi aakulu, paja inu munagulapo masheya. Kodi munthu woyamba kumene amafunika ndalama zingati?" Ndinayang'ana kudenga ndisanamuyankhe.

Tinkakhala kwa Chiosya, matipate atangobwera zaka zochepa. Amuna anga anali mphunzitsi wa pulayimale, ine ndinkalima mtedza. Nyumba tinamanga ya njerwa zootcha, koma denga linali la udzu. Chaka chilichonse ndinkamweta tsekera ndi kusenza mitolo mpaka khosi kuuma, ndipo chaka chilichonse mvula inkapezabe polowera. Ndinatopa nazo. Chimene ndinkalakalaka chinali malata basi.

Chaka china mtedza unachita bwino. Nditaphatikiza ndi zimene ndinkasunga, ndalama zinakwana malata a nyumba yonse. Mtengo ndinali nditafunsa kale m'sitolo ina paboma. Ndiye pomwe wailesi inayamba kulengeza kuti kampani ina ya boma ikugulitsidwa, ndipo munthu wamba akhoza kugulako kagawo kake, komwe ankati masheya.

"Mayi, tikagula ifenso tikhala eni ake a kampani," anatero amuna anga. "Chaka ndi chaka azitipatsa phindu. Malata tidzagula, ndi simenti yomwe."

"Nanga pamafunika zingati?"

"Akuti ngakhale zochepa, munthu atha kuyamba nazo."

Zochepazo zinapezeka kuti ndi ndalama zanga zonse za malata. Ndinawakumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Koma anali munthu wosamwa mowa, wosayendayenda, ndipo aka kanali koyamba kuwaona maso akuwala chifukwa cha chinthu. Ndinawapatsa.

Anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi chipepala chokongola chokhala ndi dzina lawo. Tinachikulunga m'pulasitiki kuti chisanyowe, popeza nyumba ya eni kampani inkadontha.

Phindu loyamba linafika pa cheke, kudzera ku bokosi la makalata la kusukulu. Anayenda nayo m'thumba la shati sabata yonse, kuonetsa aphunzitsi anzawo. Vuto linali lakuti cheke amasinthira kubanki, paboma, ndipo mtengo wa matola, kupita ndi kubwera, unkaposa ndalama yolembedwapoyo. Anapalasa njinga. Anabwera madzulo atatuwa ndi fumbi, atanyamula paketi ya shuga ndi sopo wochapira, tayala lakumbuyo litaphwa.

Zinapitirira choncho zaka zambiri. Ine kumweta udzu, iwo kupalasa njinga kukatenga shuga. Mvula ikayamba ndinkandandalika mabeseni pansi ndi kusuntha mphasa za ana. Ndikadandaula ankati, "Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha." Tsiku lina ndinawayankha kuti nkhonoyo imadekha chifukwa nyumba yake sidontha. Sanaseke, inenso sindinaseke.

Atapuma pantchito anapita kukagulitsa masheya aja. Kunena zoona palibe anatibera. Mtengo wake unali utakwera, ndipo ndalama anabwera nazo zambiri kuposa zimene anatenga kwa ine. Kungoti kwacha inali itagwa kangapo m'zaka zimenezo, ndipo malata anali atathamanga kutisiya. M'sitolo ija anatiwerengera, n'kupezeka kuti zikukwana theka la denga.

"Musankhe mbali, mayi," anatero osandiyang'ana.

Ndinkaganiza kuti tsiku limenelo ndidzalankhula zonse zimene ndinasunga mumtima. Koma nditaona imvi zawo ndi nsapato zothera ku njinga, mkwiyo sunabwere. Ndinangomva chisoni ndi kutopa. Ndinasankha kuchipinda chogona.

Mtsikana uja anali akudikirabe yankho, choncho ndinamuuza kuti ndalama yoyambira si imene akulengeza pawailesi. Imeneyo ndi yochepadi. Yofunika ndi imene ungaiiwale zaka zambiri popanda kugona ukusuntha mphasa.

"Uyambe wafolera nyumba, mwanawe. Zikatsalako, kagule."

Anaseka, akuyesa nthabwala. Ndinamupempha andipatsire zenga pakhonde. Udzu unali utauma kudambo, ndipo theka lina lija la denga linkandidikira.