Manudozi Sadikira Amen

Kumapeto kwa msewu wa masitolo, pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa maambulera, pali kashopu kagalasi momwe a Mphindi akhala akukonzeramo mawotchi kwa zaka makumi anayi. Dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo amachita kukaliona pa chiphaso. Aliyense amangoti a Mphindi, chifukwa ukawapatsa wotchi amati, "Mphindi ziwiri zokha," ndipo umakaitenga mwana wobadwa tsiku limenelo atayamba sukulu. Koma ikatuluka m'manja mwawo imayenda bwino moti dzuwa limachita kudzafunsa nthawi lisanalowe.

Ndi bambo wamfupi, wadazi lonyezimira. Diso lawo lakumanja linazolowera kagalasi kokuzira zinthu, moti akakachotsa limaoneka ngati lili maliseche. Masiku ano anthu amaona nthawi pafoni, ndiye ntchito yatsala ya kusintha mabatire ndi malamba, ndi kukangana ndi wansapato ngati kugwe mvula kapena ayi. Kukhitchini sankapondako. Ankadziwa kuti tiyi amatuluka m'ketulo, koma mmene amalowera sankafunsa.

Chinawalowetsa m'khitchini ndi mdzukulu. Mzime wawo anapita ku Japan kukaphunzira, maphunziro n'kutha, iye osabwera, kenako kunangobwera zithunzi za ukwati. Patapita zaka zisanu ndi zitatu ndi pamene anatsika ndege ali ndi kamtsikana ka zaka zisanu, kudzakhala miyezi iwiri. Mkamwini anatsala chifukwa cha ntchito. A Mphindi anali atapenta chipinda kawiri, atagula kampando kakang'ono, atauzanso msewu wonse, mpaka agalu, kuti kukubwera mlendo. Atangomuona anamutcha Kadona.

Kadona anakana kudya. Tsiku loyamba anati ndi kutopa kwa ulendo. Lachiwiri anati ndi madzi achilendo. Agogo aakazi anaphika chouluka, choyenda ndi chosambira, koma mbale zinkabwerera mmene zapitira. Mwanayo ankangomwa madzi n'kumanyenya bisiketi imodzi tsiku lonse. M'chilankhulo cha agogo ake ankadziwa mawu atatu okha: agogo, zikomo, ndi ayi. Awiri oyambawo anali patchuthi. Ayi ndiye ankagwira ntchito osapuma.

Lachisanu m'mawa mzime anawapeza bambo ake akumanga nsapato pakhomo.

"Bambo, tamuonani mwanayu. Kadiresi aka pobwera kanali komuthina, lero mungalowenso mnzake. Akapanda kudya mawa masana ndisintha tikiti. Lolemba tinyamuka."

"Lolemba lake liti?"

"Likubwerali."

"Iwe, nanga miyezi iwiri ija yathera pati? Kushopu sindinamuonetse n'komwe."

"Mukamuonetse atakomoka?"

A Mphindi anamva ngati wina wawazula batire. Anakhala pansi nsapato imodzi ili kumanja.

"Kodi kwawoko amadya chiyani chimene kuno kulibe?"

"Loweruka lililonse bambo ake amamuphikira manudozi, tizingwe ta ufa wa tirigu, mumsuzi wa nkhuku, msuzi wake wothira sosi wa soya. Ndi zomwe akulirira. Manudozi ndinabwera nawo, atsala timitolo tiwiri. Koma msuziwo ine sinditha. Ndinayesapo kamodzi, mphaka wa aneba anasamuka."

"Chimene mkamwini amatha, ine chindikanike? Muimbire."

Mkamwini analankhula pafoni, mzime akumasulira, a Mphindi akulemba kuseri kwa envulopu yoikamo mawotchi a anthu. Mafupa ndi mapiko a nkhuku, maola anayi pamoto wochepa. Ntchafu azivuule pakatha mphindi makumi atatu. Mazira mphindi zisanu ndi imodzi ndi theka. Manudozi mphindi zitatu. Nkhope yawo inayamba kuwala.

"Kodi kuphika n'kumeneku? Iyi ndi ntchito yanga yomwe ija, kungoti ili ndi nthunzi."

Pomaliza mkamwini anawonjeza kuti akangopakula, mwana adye nthawi yomweyo. Mzime anamasulira. A Mphindi anagwedeza mutu koma sanalembe, chifukwa munalibe nambala.

Tsiku limenelo kushopu sanatsegule. Anazungulira masitolo kufuna sosi wa soya mpaka nsapato zinaonda. Wina anawapatsa mafuta a soya, wina ufa wa soya, wina anawafunsa ngati akudwala. Anakamupeza m'sitolo yachisanu, pashelefu yapansi, botolo lafumbi ngati laikidwa pamenepo dziko lisanalengedwe. Atafika kunyumba akazi awo analitsegula n'kununkhiza.

"Abambo, uyu si oyilo wakutha wa galimoto? Mukufuna mdzukulu wanga azilira ngati injini?"

"Mayi, bwezani chivindikiro. Simukuzidziwa izi."

"Inu ndiye mukuzidziwa? Poto ali kuti m'nyumba muno? Talozani."

Analoza kabati ya mankhwala.

Loweruka anadzuka nkhuku za eni ake zisanaganize zolira. Anavala epuloni ya akazi awo ya maluwa, n'kundandalika mawotchi atatu pawindo: ina ya mafupa, ina ya mazira, ina yoyang'anira ziwirizo kuti zisaname. Mafupa anawawiritsa pang'ono, n'kutaya madzi oyambawo monga ananenera mkamwini, n'kuwatsuka limodzilimodzi ngati timano ta m'kati mwa wotchi. Kenako madzi atsopano, jinja wodula mapisi, adyo, ndi anyezi wamasamba. Lamulo lalikulu linali lakuti madzi asabwate. Azingophethira. Akabwata msuzi uchita matope, ndipo Kadona auzindikira ali kukhomo.

Ndiye a Mphindi anaima pachitofu ngati mlonda wa kubanki, supuni kumanja, akuwengula thovu. Kathovu kakangotulukira, iwo ali nako. Kena anakagwira kasanaganize n'komwe zotuluka. Thukuta la padazi linkatsikira m'khosi, koma sanayerekeze kupukuta, kuopa kuti akangocheuka poto awapandukira.

Cha m'ma naini akazi awo analowa atanyamula tomato anayi ndi botolo la mafuta.

"Tapatukani ndikuthandizeni. Nkhuku yosakazinga, yopanda tomato, yatumbuluka ngati yaona mzukwa. Ameneyu ndi msuzi kapena madzi otsukira mbale?"

"Mayi, mukaponya tomato mmenemu, mundiponyenso ine."

"Mukwanamo, si ndinu wamfupi?"

Anatsekereza poto ndi thupi lonse mpaka mayiwo anatuluka akung'ung'udza. Ali pakhomo anatembenuka.

"Mwana uja wakananso tiyi. Wangogona pampando, maso ali kudenga. Amake ayamba kupinda zovala."

A Mphindi anawengula kathovu kena. Anamva zipi ya sutikesi ikulira kuchipinda, ndipo phokosolo linawadutsa mumsana ngati zipiyo yasokedwa pa iwo.

Mazira anatuluka pa mphindi zisanu ndi imodzi ndi theka ndendende. Anawaponya m'madzi ozizira, n'kuwasenda ndi zala zomwe zimatola tizitsulo tosaoneka ndi maso, koma tsikulo dzira loyamba linatuluka ngati lamenyana ndi galu. Atatu anapulumuka. Anawaviika mu sosi wa soya wosakaniza ndi madzi ndi kashuga, pamodzi ndi ntchafu zija. Maola anayi atakwana anasefa msuzi pakansalu koyera. Unatuluka woyera mbee, wagolide, moti anaona dazi lawo pansi pa poto. Anathira sosi pang'onopang'ono, akulawa, mpaka unada ngati tiyi wopanda mkaka.

Mzime analowa, analawa, n'kulawanso kachiwiri.

"Tanena, iwe! Waipa?"

"Bambo, ndi womwewo."

Kamtolo koyamba kanalowa m'madzi obwata, mphindi zitatu, n'kutuluka. Msuzi m'mbale yakuya, manudozi, nyama yodula mopyapyala, dzira logawa pakati lachikasu chonyezimira, anyezi pamwamba. Fungo linafika pabalaza mbale isanafike. Kadona anadzuka yekha pampando, anabwera patebulo, anakwera kampando kake, n'kutola timitengo take todyera. Masiku asanu onse anali asanatigwirepo.

"Tipemphere," anatero a Mphindi.

Tsono a Mphindi ali ndi mbali ina. Munthu amene amadziwa sekondi iliyonse ya wotchi, akatseka maso nthawi imamuthawa. M'nyumba imeneyo palibe amene anadyapo chakudya chotentha. Pemphero lawo limayambira pa kulengedwa kwa kumwamba ndi dziko lapansi, n'kumabwera wapansi. Akuti tsiku lina ntchentche inagwera m'kapu pa "Atate," ndipo pofika pa "Amen" inali ndi zidzukulu. Ndipo akakhala ndi mantha ndiye limatalika kawiri.

Tsikulo anali ndi mantha a chaka chonse. Anathokoza chifukwa cha nkhuku ndi amene anaiweta. Anapempherera mkamwini, makolo a mkamwini, woyendetsa ndege, ndi wa sitolo yachisanu. Mzime anatsokomola. Iwo anapempherera odwala chifuwa. Akazi awo anawaponda phazi. Anapempherera olumala. Kadona, amene amake anamugwira dzanja kuti adikire, ankangoyang'ana mbale yake nthunzi ikuchepa, ikuchepa, mpaka zii.

Atatsegula maso, msuzi munalibe. Manudozi anali atamwa wonse, atatupa ngati zala za munthu wolumidwa ndi njuchi, atadzaza mbale mpaka dzira lakwera pamwamba ngati likuthawa chigumula. Kadona anatola amodzi ndi timitengo, n'kuduka okha. Anaika timitengo pansi.

"Ayi."

Anatsika n'kubwerera pampando wake uja.

"Bambo, si ananena kuti adye nthawi yomweyo? Ndinakuuzani ine!" Mzime misozi inali m'maso. Anatenga foni n'kuyamba kufufuza za tikiti.

A Mphindi anatulutsa envulopu m'thumba la epuloni, anaiwerenga kutsogolo ndi kumbuyo. Mawuwo munalibe. Anakhala pansi.

Akazi awo ndi amene anaimirira.

"Msuzi watsala?"

"Wa mbale imodzi."

"Zingwe zanuzo?"

"Kamtolo kamodzi."

"Ndiye mwakhaliranji? Iwe, taika kaye foniyo. Abambo, tiyeni."

Kukhitchini anayatsa moto okha, anatenga wotchi ya belu pawindo n'kuwapatsa amuna awo.

"Itcherani mphindi zitatu. Zingwezi zikalowa m'madzi, inu yambani kupemphera. Belu likalira, Amen."

"Mayi, chakudya amapempherera chili patebulo. Ndipempherere zosapsa?"

"Mulungu sadziwa kuti zipsa? Amene analenga moto?"

"Mphindi zitatu sindifika n'komwe pa Nowa."

"Nowa munamupempherera kale, anafika bwino. Itcherani."

Madzi anabwata. Kamtolo komaliza kanalowa. A Mphindi anatseka diso limodzi, lakumanja lija likuyang'ana poto, n'kuyamba kuthamanga ndi mawu ngati wolengeza mpira pawailesi. Anadumpha aneneri onse. Anadumpha boma, mvula ndi wansapato. Atangotsala okha ndi Mulungu wawo, mawu anawathera, n'kungoti, "Mwanayu adye. Chonde adye. Asapite Lolemba." Anabwereza zomwezo mpaka belu linalira.

"Amen!" anakuwa akazi awo, sefa ili kale m'manja.

Mbale inachoka kukhitchini kufika pabalaza mofulumira moti nthunzi inatsalira m'mbuyo n'kuchita kuthamangira. Sanaiike patebulo. A Mphindi anagwada patsogolo pa mpando umene Kadona anagonapo, mbale ili m'manja, ikuwawotcha zala.

"Kadona, mayi wanga, taonani. Yotentha."

Mwanayo anayang'ana mbale, anayang'ana amake. M'nyumba monse munalibe wopuma. Ngakhale mawotchi a pakhoma anayenda chonyang'ama. Anadzuka, anatenga timitengo kwa amake, anakweza manudozi, anawauzira kawiri, n'kuwakoka ndi mlomo, fyuuu, phokoso lomveka mpaka kumsewu. Agogo aakazi, amene mwana wodya mwaphokoso samulekerera, anatsegula pakamwa, n'kutsekanso okha ndi dzanja.

Anadya manudozi. Anadya dzira. Nyama anasiyako kachidutswa kamodzi, kenako anakaganizira bwino n'kukadyanso. A Mphindi anali chigwadire, mawondo atafa kalekale, zala zitapsa, osayerekeza kusuntha kuopa kuti angamukumbutse mawu ake aja. Pomaliza Kadona anagwira mbale ndi manja awiri pamwamba pa manja a agogo ake, anaipendeketsa, n'kumwa msuzi wonse. Anageya. Analankhula kanthu kwa amake m'chilankhulo cha kwa bambo ake.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Mphindi.

"Akuti mawa muphikenso."

"Nanga Lolemba?"

Mzime anayang'ana mwana wake, amene tsopano ankanyambita timitengo, kamimba katatulukira pang'ono pansi pa diresi. Anazimitsa foni n'kuiponya pampando.

"Tikhala, bambo. Koma akayambiranso, ine sindidikira."

A Mphindi anafuna kuimirira, mawondo anakana. Anachita kudzutsidwa ndi anthu awiri, wina mkono uwu, wina uwu. Ataima anapukuta dazi ndi epuloni ya maluwa ija, n'kuyang'ana akazi awo mwamantha.

"Mayi, manudozi atha. M'tauni muno alipo amene amagulitsa oterewa?"

"Mukafunse. Lero ndi Loweruka, masitolo atseka msanga."

Anatuluka akuthamanga, epuloni ili m'khosi.