Goloboyi wa Pakhonde

Ndinabwera ku Blantyre chifukwa cha mwendo wa msuweni wanga. Njinga yamoto ya kabaza inamuomba ku Limbe akuchokera kusukulu, ndipo anatuluka m'chipatala ali ndi chikhakha kuyambira m'chiuno mpaka kuphazi. Mayi ake, omwe ndi azakhali anga, ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata. Ankachoka ku Chigumula m'mamawa n'kubwerako dzuwa litalowa. Ine ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4 kumudzi, ndikungokhala, choncho anandiitana kuti ndizimusamalira.

Ntchitoyo ndinkaitha: kumusambitsa, kumunyamula kupita naye pakhonde, kumupatsa mankhwala pa nthawi yake. Chimene chinkandikanika n'kumuseketsa. Anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mwana wozolowera kuzungulira dera lonse, pomwe ine mawu anga ankathera pa kumufunsa ngati akumva kupweteka. M'mawa wonse ankangoyang'ana kamunda kachimanga ka eni nyumba. Nkhope yake inkamasuka masana okha, anzake akaweruka kusukulu n'kubwera ndi makhadi awo.

Makhadiwo ankagula m'maokala, m'timapaketi. Khadi lililonse linali ndi chithunzi cha wosewera mpira ndi manambala atatu: la liwiro, la kugoletsa, ndi la kutchinga. Aliyense ankagwira mulu wake mozondotsa. Amene nthawi yake yakwana ankatchula chimodzi mwa zitatuzo, kenako onse n'kutembenuza khadi lapamwamba. Wa nambala yaikulu ankadya makhadi a anzake, ndipo chodyedwa chinkapita kwamuyaya.

Msuweni wanga anali ndi khadi limodzi lakale kwambiri, la goloboyi, la mtundu umene anasiya kugulitsa. Linali lofewa ngati nsalu, nkhope yake itafufutika, ngodya imodzi yomatidwa ndi selotepi. Pa liwiro ndi pa kugoletsa linalibe kanthu, koma pa kutchinga panalibe khadi latsopano lolifika. Vuto lake linali lakuti linkadziwika ngakhale lili chozondoka. Likafika pamwamba pa mulu, iye ankaliphimba ndi chikhatho kuti anzake asaone selotepiyo n'kutchula liwiro.

Tsiku lina ndikumupukuta kumsana anandiuza kuti, “Asuweni, mukuyesa amenewa amabwerera ine? Akufuna goloboyi. Akadzangomudya, simudzawaonanso pakhomo pano.”

Ananena mopanda chisoni, ngati akundiuza mtengo wa minibasi. Mawuwo anandikhala pamtima. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawayalira mphasa asanafike, kuwakazingira chimanga, kuwatungira madzi akumwa. Ankanditchula kuti “abwana akumudzi”, ine n'kumangomwetulira. Ndinkaopa kuti ndikayankha molakwika achoka.

Amene anamudya goloboyiyo anali mnyamata wamtali kuposa onse, yemwe kwawo kunali kuseri kwa chigayo. Tsiku limenelo mwendo unali utavuta kuyambira m'mawa, ndipo mankhwala anali atamufoola msuweni wanga. Ndinaona dzanja lake likutsetsereka pang'ono pa mulu, selotepi n'kuonekera.

“Liwiro!” anafuula wamtaliyo.

Onse anatembenuza makhadi. Wamtali uja anatola khadilo pang'onopang'ono, ngati likutentha.

“Chokani,” anatero msuweni wanga. “Chokani nonse pakhomo pathu!”

Anatolera makhadi awo n'kumapita. Mawa lake sanabwere, ndipo masiku otsatira pakhonde panalibe phazi la mwana. Msuweni wanga anakana kutuluka m'nyumba. Ankagona choyang'ana kukhoma, chakudya n'kumangochigwiragwira. Azakhali anandifunsa ngati ndamukhumudwitsa. Kodi ndikanawauza bwanji munthu wotopa ndi makina tsiku lonse kuti mwana wawo akufota chifukwa cha kapepala komatidwa ndi selotepi?

Loweruka azakhali ali pakhomo, ndinapempha kuti ndikayende pang'ono. Ndinagula paketi yatsopano pa okala n'kulowera kuchigayo. Njira yonse ndinkayeseza mawu. Ndinali ndisanapemphepo kanthu kwa munthu wa m'tauni, ngakhale mwana.

Wamtali uja ndinamupeza atakhala pa mulu wa njerwa, akudikira mgaiwa wa kwawo.

“Abwana akumudzi! Mwasochera?”

“Ayi. Ndimafuna inu.” Ndinamupatsa ulemu ngati wamkulu, iye n'kuseka. Ndinamuonetsa paketi ija. “Tisinthane. Mundipatse goloboyi.”

“Iii, achimwene, chodyedwa sichibwezedwa. Ngakhale mwini wakeyo mukamupatsa akakugendani nalo.”

“Koma sakudya. Akuti inu mumangobwerera khadi limenelo, ndiye poti mwalitenga...”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapisa m'thumba la kabudula, n'kulitulutsa, litapindika pakati.

“Ili? Mukudziwa kuti kunja kuno palibe amene amalilola? Tinagwirizana kalekale kuti amtundu wakale atha ntchito. Ndikaliponya kusukulu andiseka. Limagwira ntchito pakhonde panu pokha.”

“Nanga bwanji munkalilola kwathu?”

“Aaa, inunso. Munthu wagona chagada, abwino onse tinamudya kale, ndiye timuletsenso limodzi lomweli? Akanasewera ndi chiyani?”

Ndinaima ndi paketi yanga m'manja, osadziwa poiika. Chigayo chinkalira kumbuyo kwathu, fumbi la ufa likutera pa tsitsi lake.

“Ndiye mwalekeranji kubwera?”

“Anatithamangitsa yekha. Munthu akakupirikitsa pakhomo pawo, umabwerera wekha ngati galu? Komanso anzangawa akundinena kuti ndinadya wodwala.” Anakanda njerwa ndi chikhadabo. “Dzanja linatsetsereka lokha. Ndikanatani, nditseke maso?”

Ndinamuuza kuti palibe amene akumuimba mlandu. Ndinanenanso, ngakhale sananditume, kuti msuweni wanga akuwaitana onse Lolemba. Anagwedeza mutu movomera, n'kubweza khadi lija m'thumba. Paketi yanga anaikana.

Pobwerera ndinayenda pang'onopang'ono. Sindinkadziwa ngati zimene ndinamvazo zinali zoti zimusangalatse kapena zimupweteke. Mwana amene ankanyadira kuti ali ndi khadi loopedwa ndi dera lonse, amve kuti anzake ankangomulekerera? Lamulungu lonse ndinakhala nazo, mpaka m'tchalitchi.

Ndinamuuza Lolemba m'mawa ndikumusambitsa, nditamuzungulira kumsana kuti ndisamuone nkhope. Ndinanena zonse monga ndinazimvera, osachotsapo kanthu, ndi zoti ndawaitana m'dzina lake. Ndinamuveka malaya, ndinakataya madzi, ndinabwerera n'kumupeza akuyang'ana kudenga, maso ali ofiira.

“Ndiye kuti ankandimvera chisoni,” anatero.

“Kaya. Ine ndaona kuti ankabwera.”

Nthawi yoweruka itayandikira, anandiitana ndi mawu otsika.

“Asuweni, paketi munagula ija ili kuti?”

Ndinamupatsa. Anaing'amba ndi mano, n'kuyala makhadiwo pachifuwa, kuwayang'ana limodzilimodzi.

“Mwagula zinyalala,” anatero. “Koma pali mmodzi wothamanga. Ameneyu akhoza kumudya goloboyi. Ndinyamuleni, andipeze ndili pakhonde.”