Woimba Amene Amereka Inamukana

Dzino langa lakutsogolo ili ndi loikirira. Lobadwa nalo linatsala pansi pa sinki m'nyumba ina yosamalira okalamba ku Romford, komwe ndinkagwira ntchito nditangofika kumene kuno ku London. Anandigulula ndi bambo wina wachingelezi, wokalamba kwambiri, amene pa unyamata wawo anali woimba wotchuka.

Ankakhala m'chipinda cha kumapeto. Matenda oiwalaiwala anali atawatha, moti ngakhale mwana wawo sankamuzindikira. Pakhoma panali chithunzi cha anyamata atsitsi lofika m'mapewa, ovala mabuluku othina, ndipo wapakati, wogwira maikolofoni, anali iwowo. Thupi linali litafota koma manja anali akadali akuluakulu, olimba. Tsiku likawayendera bwino ankaimba ndikamawasambitsa, ndipo mawu awo anali akadali okoma moti nthawi zina ndinkachedwetsa dala kuwapukuta.

Amene anandichenjeza ndi mnzanga wa ku Lusaka, mayi wamphamvu amene anali atakhalitsa pamalopo.

"Ukangena muja, uyambe wazimya radio," anatero. "Ba mudala aba bakamvela chabe nyimbo ya ku America, ni nkhondo. Nakuuza."

Ndinaseka. Ndinkaganiza kuti akungoopseza mlendo.

Ndinadzionera ndekha tsiku lina masana m'chipinda chodyera. Wophika anali atasiya wailesi ikulira chapansipansi, ndipo inayamba nyimbo ina yakale ya ku Amereka. Bambowo anasiya sipuni. Khosi linafiira. Anaimirira, munthu amene tinkamudzutsa awiri, n'kugubuduza tebulo lonse. Supu wotentha anakhuthukira padzanja la gogo wina wamkazi amene anayamba kukuwa ngati mwana. Iwo sanacheuke. Anatola ndodo yawo n'kuyamba kuphwanya wailesi ija, kumenya, kumenyanso, mpaka zidutswa zinafika pakhomo.

"Ikani yathu!" ankakuwa. "Munalonjeza! Ikani yathu!"

Nditayesa kuwagwira mkono, ndodo inandipeza paphewa. Ndinayenda ndi chotupa sabata yonse.

Akazi awo ankabwera pa basi kudzawaona. Anali mayi wamng'ono thupi, waukhondo, wamphuno yopindikira kumanzere. Atamva za wailesi ija anandiitanira panja, pa benchi ya m'kadimba ka maluwa, n'kundifunsa ngati phewa likupwetekabe. Ndinawafunsa kuti nyimbo ya ku Amereka inawalakwira chiyani amuna awo.

"Kuno dziko ndi laling'ono, mwana wanga," anatero. "Wailesi imodzi yaikulu ikakukonda, mawa lake aliyense akuimba nyimbo yako, kuyambira kuno mpaka ku Scotland. Iwo zinawachitikira. Atsikana ankagona pakhomo pathu. Ndiye anaganiza kuti ku Amereka nako kudzakhala chimodzimodzi."

Anandifotokozera kuti ku Amereka mzinda uliwonse uli ndi mawailesi akeake, ndipo iliyonse imaimba mtundu umodzi wokha wa nyimbo. Yako ikapanda kulowa bwino mu mtundu uliwonse, palibe amene amaikhudza. Gulu la amuna awo litapita kumeneko linakhala miyezi likuyenda pa galimoto imodzi, mzinda ndi mzinda, kudzuka m'mamawa kukagwirana chanza ndi oulutsa mawu amene sankadziwa n'komwe dzina lawo. Wina anati mawu sakumveka, aziimba monga amalankhulira anthu a kumeneko. Wina anati nyimbo ikuchedwa kuyamba, omvera asintha siteshoni asanamve liwu limodzi. Winanso anati ndi yachisoni kwambiri kwa munthu amene akuyendetsa galimoto kupita kuntchito. Ngakhale kampani imene inawatengera kumeneko inali ndi oimba ake a konko amene inkawakankhira patsogolo.

"Kenako bwana wa wailesi ina analonjeza kuti aimba nyimbo yawo masana omwewo. Gulu lonse linakhala m'galimoto panja pa siteshoniyo, dzuwa likuswa, likumvetsera. Sinaimbidwe. Woimba gitala, mnzawo wa kuubwana, anangoti, bwanji tikaijambulenso, uyese kuimba ngati iwowa? Amuna anga anamukokera pansi, anamuika dzanja pachitseko cha galimoto n'kuchimenyetsa. Anachimenyetsanso. Zala zinaphwanyika. Munthu uja sanagwirenso gitala mpaka imfa yake."

"Nanga atabwerako?" ndinafunsa.

"Gulu linatha. Iwo anayamba kuyendetsa lole. Mkwiyo wotsalawo anabwera nawo kunyumba."

Ponena zimenezi anadzigwira pamphuno ndi chala, pang'ono chabe, n'kuyamba kufunafuna tikiti ya basi m'chikwama.

Kuyambira pamenepo ndinkasamala. Ndisanalowe nawo paliponse ndinkayamba ndamvetsera. Koma chilimwe chitafika kunatentha kwambiri, ndipo mmawa wina ndinatsegula zenera la chipinda chawo kuti mphepo ilowe. Ndinali nditawakhazika pampando m'bafa, ndikuwapaka sopo kumaso kuti ndiwamete ndevu. Sindinadziwe kuti panja pali amisiri openta khoma. Mmodzi anayatsa wailesi yake, ndipo mawu a woimba wa ku Amereka analowa m'chipindamo ngati munthu.

Ndinaona maso awo akusintha pagalasi. Ndinatembenuka kuti ndithamangire kuzenera, koma anali atagwira kale chingwe cha baji yanga ya kuntchito chimene chinali m'khosi. Anachikoka n'kuchipotokola. Mpweya unatha. Ndinayesa kulowetsa zala pakati pa chingwe ndi khosi, osatheka.

"Unalonjeza," ankatero, nkhope ili pafupi ndi yanga, sopo akudontha. "Tadikira tsiku lonse. Unalonjeza iwe!"

Sankaona ine. Ankaona bwana wa wailesi uja. Chingwe chitaduka ndinagwada pansi, ndipo asanandipatse mpata wopuma anandigwira tsitsi n'kundimenyetsa pakamwa m'mphepete mwa sinki. Ndinamva kanthu kakuthyoka m'kamwa, kenako mchere wa magazi. Anandimenyetsanso. Ndinkafuna kukuwa m'Chingelezi koma chimene chinatuluka ndi "Mayo! Mayo ine!"

Mawu amenewo ndi amene anafika kwa mnzanga wa ku Lusaka, amene anali m'chipinda choyandikana. Analowa akuthamanga, anawakumbatira kumbuyo n'kuwanyamula ngati thumba. Iwo anamuluma pamkono mpaka mano analowa. Sanawasiye.

"Choka! Yenda panja!" anandikuwira. "Tinika belu!"

Ndinakwawa mpaka pabelu loitanira anthu n'kulidina. Magazi anali pa yunifolomu, pansi, pachitseko. Anthu atadzaza m'chipindamo, bambo aja anali atakhala pabedi, akuyang'ana manja awo. Anandiona n'kufunsa mwaulemu kuti, "Mwapweteka, mayi? Wakumenyani ndani?"

Kuchipatala anandisoka mlomo ndi namwino wa kwathu, wa ku Zomba. Atamva ndikubuula m'Chichewa anasiya Chingelezi. "Pepani asisi, limbani mtima, tatsala pang'ono." Apo m'pamene ndinalira. Khosi linakhala ndi mzere wakuda kwa milungu ingapo, ndipo kutchalitchi ku Peckham azimayi ankandikokera pambali kundifunsa ngati ndi bambo a kunyumba. Amayi anga kumudzi sindinawauze. Ndinkawaimbira foni osayatsa kamera.

Amanijala anati sikulakwa kwa munthu, ndi matenda. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinali ndi ukali woti sindinkadziwa kouika. Bambowo anawasamutsira kuchipatala cha odwala maganizo, kumalo otsekedwa. Nditabwerera kuntchito chipinda chija chinali ndi munthu wina. Kwa nthawi yaitali sindinkatha kuimirira chofulatira wodwala aliyense, ngakhale gogo wosatha kudzuka.

Akazi a bambo aja ndinakumana nawo miyezi ingapo pambuyo pake mumsika wa ku Romford, akusankha mapeyala. Anandiyang'ana pakamwa, maso n'kudzaza misozi. Anandiuza kuti amuna awo anamwalira, ndipo pamaliro panabwera azibambo ena okalamba amene ankadziwabe nyimbo zawo zonse pamtima. Tinalowa m'kasitolo ka tiyi. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinawafunsa ngati nyimbo imene inakanidwa ija inali yabwinodi.

"Inali yabwino kwambiri," anayankha. "Anaikana popanda chifukwa chomveka, zimenezo n'zoona. Zaka zonsezi ndinkadziuza kuti Amereka ndi imene inawasandutsa otero." Anatakasa tiyi kwa nthawi. "Koma m'galimoto muja munalinso ena. Woimba ng'oma anakanidwa tsiku lomwelo, dzuwa lomwelo. Anabwerako, anatsegula shopu ya njinga, analera ana ake. Sanamenyepo munthu."

Anandifunsa za kwathu, ngati kuli mvula, ngati ndili ndi ana. Ndinawaonetsa zithunzi pafoni. Kenako anati miyendo ikuwavuta masiku ano, ndiye ndinawanyamulira thumba lawo mpaka pamalo okwerera basi, n'kudikira nawo mpaka basi inabwera, iwo n'kupeza pokhala.